Mwamva kwa Ndani za Mpunga Wathu?

Azakhali anga amagulitsa mpunga wa kilombero. Amakautenga ku Karonga, umabwera pa lole, kenako amaupeta, kuusankha timiyala n'kuulongedza m'matumba a makilogalamu 5, 10 ndi 25. Kashopu kawo kali ku Zingwangwa, kakang'ono moti makasitomala atatu akalowa limodzi, wachinayi amadikira panja. Zaka zonsezi malonda awo akhala akuyenda ndi pakamwa. Mayi wina waphika pa chinkhoswe, fungo lija ladumpha mpanda, m'mawa mwake anthu afika kudzafunsa kuti mpunga wadzulo uja ukupezeka kuti. Ine ndinalowa m'nkhaniyi chifukwa pa banja pathu ndine amene amati "amadziwa za foni". Banja lililonse lili naye munthu wotere, ndipo sanalandirepo malipiro.

Ndine ndinawanyengerera kuti tiyese kutsatsa pa Facebook. Ndinawakonzera katsamba ka pa intaneti kokhala ndi zithunzi ndi mitengo, n'kubusita positi imodzi kwa sabata yathunthu. Kulipira kwake n'kwa madola, kudzera pa khadi la kubanki, ndipo inali nthawi imene kwacha inali itangogwa kumene ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho dola iliyonse inkachoka ngati dzino. Positi inayenda ndithu. Malayiki anali mbwee, anthu akulemba kuti "mtengo?" pansi pa chithunzi chimene mtengo unali utalembedwa kale ndi zilembo zikuluzikulu. Sabata itatha ndinapita kushopu ndili ndi mtima wa munthu wopambana.

"Iwe, ndalama ija yabweretsa matumba angati?"

Ndinawaonetsa sikirini, manambala a anthu amene aona, amene akonda, amene agawana. Anayang'ana kwa nthawi, magalasi ali pamphuno, n'kundibwezera foni.

"Ndiye malayiki akowo ndikalipira nawo lole?"

Ndinalibe yankho. Sabata imeneyo mpunga unagulidwa, inde, koma unkagulidwanso sabata zonse za m'mbuyo ine ndisanabwere ndi nzeru zanga. Kunali kumapeto a mwezi, anthu atalandira. Kunali maukwati awiri pafupi. Sindikanatha kuloza thumba ngakhale limodzi n'kunena kuti ili labwera ndi dola ija. Usiku umenewo ndi pamene ndinayamba kuwerenga za malinki okhala ndi chizindikiro.

Ganizo lake ndi lophweka kuposa mmene dzina lake likumvekera. Pamapeto pa linki ya tsamba lanu mumamangirirapo kamchira ka mawu, ndipo munthu akadina n'kufika pa tsambalo, kamchirako kamauza pulogalamu yowerengera alendo kuti munthuyu wadzera khomo liti. Tsamba limene akuona ndi lomwelo, mtengo womwewo, chithunzi chomwecho. Kusiyana kuli m'kaundula wanu basi. Zili ngati mmene akumudzi amadulira khutu la mbuzi kuti ikasakanikirana ndi za eni ake kudambo, madzulo aidziwe.

Kamchirako amakatchula kuti UTM, chidule cha Urchin Tracking Module. Urchin inali kampani ya ku San Diego, ku America, imene inkapanga pulogalamu yowerengera alendo a pa mawebusaiti. Google inaigula mu 2005, ndipo chaka chomwecho, mu Novembala, inatulutsa Google Analytics kuchokera pa maziko a pulogalamu ija. Dzina la Urchin linazimiririka, koma zilembo zitatuzo zinatsala, ndipo mpaka lero mukaona linki yaitali yochititsa mantha imene wina wakutumizirani, mukaipeza utm pakati pake. Yanga yoyamba inkatha motere:

?utm_source=facebook&utm_medium=cpc&utm_campaign=khirisimasi

Mbali zake zodziwika ndi zisanu, koma zitatu ndizo zimagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Ya utm_source imanena kumene munthu wachokera, kaya ndi Facebook, kaya WhatsApp, kaya kapepala kamene mwagawa pamsika. Ya utm_medium imanena mtundu wa njirayo, ngati ndi yolipira, ya imelo kapena yaulere. Ya utm_campaign ndi dzina la ulendo wotsatsawo, monga wa Khirisimasi kapena wa nyengo ya maukwati. Yachinayi, utm_content, ndinayamba kuikonda pambuyo pake chifukwa imasiyanitsa zithunzi ziwiri za malonda amodzi: ine ndinali ndi chithunzi cha thumba lotseka, ndi china cha mpunga wophika uli m'mbale pambali pa nkhuku ya lokolo. Yachisanu, utm_term, ndi ya anthu olipira kuti azioneka wina akafufuza mawu ena pa Google, ndipo ife sitinafikeko. Simufunikanso kulemba zonsezi pamanja. Google ili ndi tsamba laulere lotchedwa Campaign URL Builder, mumangodzaza mabokosi, linki n'kutuluka yokha.

Mwezi woyamba ndinasokoneza ndekha. Tsiku lina ndinkalemba facebook, tsiku lina Facebook, tsiku lotopa fb. Google Analytics imaona chilembo chachikulu ndi chaching'ono ngati zinthu ziwiri zosiyana, moti lipoti linatuluka ndi mizere itatu ya malo amodzi, uliwonse ndi nambala yake yaing'ono. Cholakwa chachiwiri chinali cha kunyada. Ndinaganiza kuti popeza bizinesi ndi yathu, ndilemba m'chinenero chathu, ndiye pa utm_medium ndinaika "zolipira". Pulogalamuyo imagawa alendo m'magulu poyang'ana mawu amene ikuwadziwa, monga cpc, ppc kapena mawu oyamba ndi paid. "Zolipira" sinawadziwe, koma inaona kuti gwero ndi facebook, ndiye alendo onse amene tinawagula ndi madola inawaika m'gulu la obwera mwaulere. Kwa masabata angapo ndinkayenda ndikudzitama kuti tsamba lathu likukoka anthu lokha. Panopa ndili ndi pepala limodzi limene ndinalembapo mayina onse ololedwa, zilembo zazing'ono zokhazokha, opanda mipata. Chichewa ndimachisungira pa utm_campaign, pamene palibe amene angandiletse kulemba maukwati kapena kutsegulira_sukulu.

Zitakonzeka zimenezo, manambala anayamba kulankhula, ndipo chimene ananena choyamba sichinandisangalatse. Facebook inkaonetsa kuti anthu ambiri adina linki, pamene Google Analytics inkaonetsa kuti amene afika pa tsamba ndi ochepa kwambiri. Poyamba ndinkaganiza kuti ndalakwitsanso pena pake. Yankho ndinalipeza m'minibasi ya ku Limbe, nditakhala pafupi ndi mayi wina amene ankadina chinthu pa foni yake, chikuzungulirazungulira osatseguka, mpaka anangoti "aaa" n'kubwerera ku Facebook.

Bandulo. Ambiri a ife timagula bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha, chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Munthu wotere amaona malonda anu bwinobwino, amakopeka, amadina, ndipo kudinako kumawerengedwa. Koma tsamba lanu lili kunja kwa mpanda wa bandulo yake. Silitseguka. Ndipo kamchira ka UTM sikagwira ntchito pa nthawi yodina. Kamagwira pamene tsamba latseguka n'kuyendetsa kachidutswa ka Analytics kamene munaikamo. Onjezeranipo amene netiweki yawo ikukwawa, amene zithunzi zanga zolemera zinawatopetsa, ndi amene chala chinangoterereka. Mu Ads Manager, mmene Facebook imaonetsa manambala a malonda anu, muli mizere iwiri yosiyana: wa Link clicks, wowerenga odina, ndi wa Landing page views, wowerenga amene tsamba linawatsegukira. Malangizo ambiri a pa intaneti amaona mpata wa pakati pa mizere iwiriyi ngati kavuto kakang'ono, chifukwa olembawo amakhala kumene intaneti ndi imodzi, yosagawidwa m'timaphukusi. Kwa ife mpatawo ndi chigwa, ndipo ndalama zambiri za azakhali zinkagwera mmenemo.

Vuto lachiwiri ndi lakuti linki ili ndi miyendo. Ndinkapanga linki yolembedwa kuti facebook, munthu n'kuikopera, n'kuiponya m'gulupu ya amayi a mvano kapena ya anthu a ku ofesi kwawo. Onse odina kumeneko ankalembedwa kuti achokera ku Facebook yolipira, pamene anakopeka ndi mnzawo amene analemba pansi pake kuti "uwu ndiye weniweni, ndinagula". Kumbali ina, wina akatumiza linki yopanda kamchira pa WhatsApp, odinawo nthawi zambiri amagwera m'gulu la Direct, ngati kuti analemba okha adiresi ya tsamba kuchokera m'mutu. Mtolankhani Alexis Madrigal anapatsa zimenezi dzina mu 2012, polemba mu The Atlantic, anati dark social, kutanthauza kugawana kumene kumachitika kumdima, kosaoneka ndi zida zowerengera. Iye ankanena za imelo ndi mauthenga a pakati pa anthu awiri. Akanabwera kuno akanapeza kuti mdimawo ndiwo msika wonse. Malonda a Amalawi amayenda m'magulupu a mpingo, a maliro, a anthu ophunzira sukulu imodzi, a banki mkhonde, ndi pa sitetasi.

Ndipo ngakhale amene anafika pa tsamba, palibe anagula pa tsambapo. Sitinaikepo n'komwe njira yolipirira. Munthu ankaona mtengo, n'kutenga nambala, n'kulemba pa WhatsApp kapena kuimba, n'kunenerera pang'ono, n'kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, wakabaza n'kunyamula thumba. Ena ankabwera okha patapita masiku anayi ndi ndalama m'manja. Chingwe chimene ndinkatsatira chinkaduka pamalo enieni amene ndalama ikusintha manja. Ndinkadziwa amene anasuzumira pazenera, osati amene analowa.

Apa ndi pamene ndinasiya kukakamira tsamba. Ngati malonda amathera pa WhatsApp, ndiye chizindikiro chikafike pa WhatsApp pomwepo. WhatsApp ili ndi linki yake yachidule: mumalemba wa.me, kenako nambala yanu kuyambira ndi 265 popanda ziro wa kumayambiriro, kenako ?text= ndi uthenga umene mukufuna kuti kasitomala aupeze utalembedwa kale. Mipata ya pakati pa mawu imalembedwa %20, koma zimenezo n'zazing'ono. Munthu akadina, macheza amatseguka, mawu ali kale m'bokosi, iye n'kungotumiza. Ndinapanga malinki angapo, onse opita ku nambala imodzi, koma uliwonse ndi moni wake. Wa pa Facebook yolipira unkati "Moni, ndikufuna mpunga wa kilombero". Wa pa sitetasi ya azakhali unkati "Zikomo, mpunga uja ulipo?" Wa pa timapepala unkati "Ndaona pepala lanu la mpunga". Poyamba ndinkaika timakodi ngati FB2 kumapeto, koma anthu ankatifufuta, mwina poopa kuti ndi zachinyengo, ndipo sindiwaimba mlandu. Moni wamba palibe ankaukayikira. Linki yotereyi imatsegukanso kwa munthu wa bandulo ya WhatsApp nthawi zambiri, chifukwa foni imamupititsa ku pulogalamu imene ali nayo kale.

Sikuti n'zangwiro. Ena amafufuta zonse n'kulemba zawo. Ena amangosunga nambala n'kudzaimba mawa. Koma kwa nthawi yoyamba ndinkatha kutsata munthu kuchokera pa chithunzi mpaka pa uthenga, ndipo pa WhatsApp Business ndinkamata kalebulo ka mtundu pa macheza alionse: wobiriwira kwa amene walipira, wachikasu kwa amene wangofunsa mtengo n'kusowa.

Gawo lomaliza la chingwe linali m'manja mwa azakhali kuyambira kalekale, ine osadziwa. Iwo ali ndi hadikava yakuda imene amalembamo thumba lililonse lotuluka: tsiku, makilogalamu, ndalama, ngongole. Ndinawapempha kuti tiwonjezere mzere umodzi kumapeto.

"Wa chiyani?"

"Muzingowafunsa kuti amva kwa ndani."

"Ndimafunsa kale. Ukuganiza kuti anthu ndimangowalandira ndalama osacheza nawo?"

Ankafunsadi, kungoti sankalemba. Anatenga rula n'kujambula mzerewo okha, pamwamba n'kulemba kuti WAMVA KUTI. Loweruka lililonse ndinkakhala pa thumba la 25 ndi foni kudzanja lina, hadikava kudzanja lina, kufananiza.

Masamu ake ndi a sitandade 5, ndipo ndipereka manambala ongoyerekeza kuti aoneke bwino. Tinene kuti mwalipira K60,000 kutsatsa, ndipo hadikava ikusonyeza kuti anthu 6 ogula anabwera ndi njira imeneyo. Ndiye kuti kasitomala aliyense mwamugula pa K10,000. Ngati phindu la thumba limodzi ndi K4,000, mwaluza, ngakhale sikirini itadzaza ndi mitima. Koma ngati atatu mwa anthu 6 aja akubwera mwezi ndi mwezi kwa chaka chonse, nkhani yatembenuka. Mpunga si firiji imene munthu amagula kamodzi pa zaka khumi. Linki imaona ulendo woyamba wokha, maulendo enawo amaoneka m'hadikava. N'chifukwa chake ndimadabwa ndi anthu otsatsira ena malonda amene amabweretsa lipoti la masamba ambiri, la mitundu yokongola, lodzaza ndi manambala a oona malonda, amene amati reach ndi impressions, koma osafunsako n'kamodzi komwe kuti aone kope la ogula.

Chimene tinapeza chinali chosakanikirana. Chithunzi cha mpunga wophika chinkabweretsa odina ambiri kuposa cha thumba, koma ambiri a iwo ankafunsa ngati tili ndi lesitilanti. Chithunzi chosasangalatsa cha thumba, mtengo uli poonekera, chinkabweretsa anthu ochepa amene ankabwera atakonzeka kugula. Ndikanangoyang'ana kudina, ndikanathira ndalama zonse pa mbale ya nkhuku ija. Sitetasi ya azakhali, imene sitinalipire kanthu, inkaposa zonse pa maoda, ngakhale kuti kumeneko n'kulalikira kwa otembenuka kale, chifukwa oona sitetasi ndi anthu amene ali ndi nambala yawo. Kumene Facebook yolipira inatidabwitsa ndi ku Joni. Titayesa kuonetsa malondawo kwa anthu okhala ku Johannesburg ndi Cape Town, polemba m'Chichewa kuti asefeke okha, kunabwera anthu ofuna kugulira makolo awo kuno. Amatumiza ndalama, ife n'kukatula thumba ku Ndirande kapena ku Chilomoni, n'kuwatumizira chithunzi cha amayi awo atalandira. Anthu amenewa sakanadutsa pa Zingwangwa, fungo la pa chinkhoswe silikanawafika. Pamenepo dola inkagwira ntchito imene pakamwa sipakanagwira.

Timapepala tinatiikanso QR code yopita ku linki yakeyake. Anajambula ndi ochepa zedi. Ambiri ankangowerenga nambala imene inali pansi pake n'kuimba.

Pali funso limene mlongo wanga anandifunsa atandiona ndikuchita zimenezi: kodi si ukazitape umenewu? Ndinaliganizira. UTM payokha sinena dzina la munthu. Anthu 100 odina linki imodzi amanyamula chizindikiro chimodzimodzi, ndi dzina la khomo, osati la wolowa. Koma pali timichira tina tosiyana. Malonda a Google amawonjezera gclid, Facebook imawonjezera fbclid, ndipo izi ndi zilembo zazitali zosiyana pa kudina kulikonse. Makampani opanga mafoni ayamba kuzitchinga. Mu Epulo 2021, ndi iOS 14.5, pulogalamu yoyendetsa mafoni a iPhone, Apple inalamula kuti pulogalamu iliyonse izipempha kaye chilolezo isanatsate munthu m'mapulogalamu ena. Mu 2023, ndi iOS 17, inayamba kudula timichira tozindikiritsa munthu pa malinki a mu Mail, mu Messages ndi mu Safari ya mwachinsinsi, koma UTM wamba inasiyidwa. Makasitomala ambiri a azakhali ali ndi itel ndi Tecno, choncho zimenezi zimatikhudza pang'ono, makamaka kwa a kunja aja. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi hadikava ija, chifukwa mmenemo ndi mmene muli mayina enieni, manambala a foni ndi ngongole za anthu. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la 2024, koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, sindingatenge manambala a ogula mpunga n'kuwaponya m'gulupu imene sanapemphe. Zandichitikirapo ine, kudzuka m'mawa ndili m'gulupu yogulitsa mapuloti, ndipo ndikudziwa mmene zimanyansira.

China chimene ndinaphunzira mochedwa n'chakuti linki imapereka ulemu wonse kwa womaliza. Munthu anamva za mpunga wathu kwa mnzake wa kuntchito, patapita sabata anaona positi, anadutsa, kenako anaona sitetasi ya msuweni wake n'kudina pamenepo. Lipoti langa likuti sitetasi ndiyo yagulitsa. Zili ngati kuyamika amene wathira mchere, kuiwala amene anatola nkhuni, anatunga madzi ndi kusonkha moto. Google Analytics 4, imene inalowa m'malo mwa yakale, Universal Analytics, itasiya kulandira manambala pa 1 Julayi 2023, imayesa kugawa ulemuwo pakati pa njira zingapo zimene munthu anadutsamo. Koma imagawa pakati pa njira zimene ikuziona. Mnzake wa kuntchito uja simuona. Ndiye ndikazimitsa malonda olipira chifukwa lipoti likuti sakubweretsa kanthu, ndimadikira milungu ingapo ndione ngati mizere inayo yatsika nayo. Kamodzi inatsikadi, kamodzi sinasinthe n'komwe, ndipo ulendo wachiwiriwo azakhali anandiyang'ana ndi diso lija la munthu amene ananena kale.

Panopa timatsatsa molipira nyengo zochepa pa chaka: Khirisimasi ikamayandikira, nyengo ya maukwati, ndi kwa a ku Joni kumapeto a mwezi. Linki iliyonse imatuluka ndi chizindikiro chake, ndipo pepala la mayina lija ndinalimata kuseri kwa chitseko cha shopu, pafupi ndi kalendala.

Loweruka lapitali ndili pa thumba langa lija, kunalowa uthenga wa nambala ya +27. Mawu ake anali "Moni, ndikufuna mpunga wa kilombero", ndendende moni wa Facebook yolipira. Bambo wina ku Johannesburg, matumba awiri a 25, akapite kwa amayi ake ku Bangwe. Ndinamwetulira, ndinali nditayamba kale kumata kalebulo kobiriwira. Azakhali anatenga foni n'kumuimbira kuti amve bwino malo okatula, ndipo atamaliza za njira ndi za wakabaza, anafunsa funso lawo.

"Nanga inu bambo, mwamva kwa ndani za mpunga wathu?"

Ndinkamva mawu ake akutuluka pa sipika. Anati amayi ake anadya mpunga wina wake pa maliro ku Chigumula mwezi watha, ndipo kuyambira tsikulo sakumupatsa mtendere. Anafunsa ophika, anapatsidwa dzina la shopu, n'kumuuza mwana wawo pa foni. Iye dzinalo analiiwala. Ndiye dzulo, akupuma kuntchito, anaona chithunzi cha thumba pa Facebook, dzina lija n'kubwerera.

Azakhali anatseka foni, anatsegula hadikava, n'kuika bolopeni pa mzere womaliza uja.

"Ndilembe Facebook," ndinatero.

Sanandiyankhe. Analemba PAMALIRO, kenako anaima pang'ono, n'kuwonjezera pambali pake, ndi tizilembo ting'onoting'ono, "ndi za mwanayu".